Tinamubweza ndi Ng'oma

Tinalipo amayi khumi ndi awiri, ndipo gulu lathu linalibe cholinga china koma kucheza. Loweruka lomaliza la mwezi tinkasonkhana kwa mmodzi wa ife, mwezi uno ku Chawama, mwezi winawo ku Kanyama kapena ku Matero, kudya, kuvina ndi kujeda amuna athu mpaka nthiti kuwawa. Tonse tinkavala chitenje chofanana. Wosoka madiresi ndinali ine, poti chichokereni kwathu ku Katete makina osokera ndiwo akhala munda wanga.

Wamng'ono pa tonse anali Mbemba wa ku Kopala, dera la migodi, wogulitsa salaula, zovala za kaunjika, pamsika wa ku Kanyama. Anali ndi ana amapasa, choncho tinkamuitana banampundu monga amachitira kwawo. Anali wanthabwala mwana uja. Akayamba kutengera mayendedwe a bacheya, mayi wamkulu amene ankatsogolera gulu lathu, eni akewo ankaseka mpaka kupukuta misozi ndi duku.

Ndikamamuyeza diresi mawu ake anali amodzimodzi: "Ba sisi, manja munisokele yatali." Ine ndi pakamwa pangapa ndinkamunyogodola kuti akufuna usisitere. Koma zipsera ndinkaziona, ndisaname. Munthu woyeza anzake ndi tepi amaona zambiri. Ndinkalemba miyezo yake m'kabuku n'kusoka manja aatali aja.

Chaka china mu Okutobala tinachita hayala minibasi kupita kumtsinje wa Kafue. Tinanyamula mbaula, nkhuku, chikanda ndi zigubu za munkoyo, chakumwa chonga thobwa. Dzuwa linaswa mtengo tsiku limenelo. Kulowa m'madzi tinkaopa ng'ona, ndiye tinkangotunga ndi ndowa n'kumathirana ngati ana a sukulu. Banampundu anakhala patali pamthunzi. Mnzathu wina anamuzembera kumbuyo n'kumukhuthulira ndowa yonse, ndipo kukuwa kumene anakuwa sikunali kwa masewera. Bulauzi yoyera inamata kumsana, mizere yofiira n'kuonekera.

Tinapita naye kuseri kwa minibasi n'kumuvula. Msana wonse unali mikwingwirima, ina yakale, ina yadzulodzulo yosapola. Anati mwamuna wake amamumenya ndi chingwe cha ayironi.

"Bamayo, ine sinibwelela kuja," anatero. "Siku ina muzanipeza mu mochale."

Nkhuku zinapserera pambaula popanda woziyang'ana. Pobwerera tinadzera kwa neba wake kutenga mapasa aja, ndipo ine ndinanena mokweza, kuti aliyense amve kulimba mtima kwanga, kuti akakhala kwathu ku Chawama.

Anakhala nane masabata awiri, akugona ndi ana ake pakati pa nsalu m'chipinda chosokera. Msana unayamba kuuma. Anayambanso kuseka, n'kumandithandiza kusokerera mabatani. Anali ataganiza kale zochita: akufuna ndimuperekeze kupolisi, kenako akwere basi kupita kwa mkulu wake ku Kitwe. Ndinkati mawa, mawa, poti ndinali ndi mayunifolomu a sukulu oti ndimalize.

Mwamunayo anali wochenjera. Sanabwere kwa ine. Anapita ndi malume ake kwa bacheya, atanyamula nkhuku yoyera ndi mbale yovindikira, n'kugwada pafumbi anthu akuona. Bacheya anali mlangizi wodziwika, wophunzitsa akwati za banja kwa zaka zambiri, ndipo mwamuna wogwada ankawafewetsa mtima kuposa chilichonse. Mawa lake anaitanitsa gulu lonse kunyumba kwanga.

Msonkhano umenewo ndimaukumbukira ndi manyazi. Bacheya anatsegula pakamwa n'kuloza pamene panalibe mano awiri. "Mwana wanga, ona apa. Uganiza yanachoka na nzimbe? Koma nikali mu nyumba yanga, bana banakula na batate bawo." Wina anavula duku kuonetsa chipsera cha pamutu. Wina anakweza chitenje kuonetsa bondo. Tinkatulutsa mabala athu mmodzimmodzi ngati masatifiketi a sukulu. Nanenso ndinakweza chala changa ichi chimene sichipinda, ndipo ndinachikweza monyadira.

Kenako bacheya anapeza gwero la vuto. Banampundu mayi ake anamwalira ali wamng'ono, ndipo analowa m'banja osalangizidwa. Choncho ife tikhale amayi ake, timulangize bwinobwino, kenako timuperekeze ndi matebeto. Matebeto ndi chakudya chimene akuchikazi amaphikira mkamwini n'kupita nacho ndi ng'oma, kumuthokoza kuti akusunga bwino mwana wawo. Bacheya anati mwamuna wopatsidwa ulemu wotere pamaso pa komboni yonse sangakwezenso dzanja, manyazi adzamugwira. Ife pa matebeto tinali akatswiri, anthu ankachita kutibwereka. Nkhope zinawala m'chipindamo. Tinayamba kugawana zoti uyu aphika chiyani, uyu abweretsa mphika uti, mwini nkhani ali phee pakona.

Anzanga atapita, banampundu anandifunsa, "Ba sisi, na imwe mwavomela?"

"Yesako che kamozi," ndinatero, "chifukwa cha bana."

Ana ndinangowanamizira. Zoona zake n'zakuti bambo a kunyumba kwanga anali atayamba kung'ung'udza za kuchuluka kwa anthu m'nyumba, ndipo ine ndinkaopa kumene kung'ung'udza kwawo kumathera. Ndinkafunanso chipinda changa chosokera.

Tinamulangiza masiku atatu. Kagwadidwe popereka madzi, kayankhidwe, kukhala chete mwamuna akamakalipa ngati wavumata madzi m'kamwa. Ankachita zonse zimene tamuuza, osatsutsa ngakhale kamodzi, ndipo bacheya ankati mwanayu ngwomva.

Loweruka masana tinatsika minibasi pamsewu waukulu n'kulowa m'Kanyama pamzere, miphika yokulunga m'nsalu ili pamitu, ng'oma zikulira patsogolo. Mvula yoyamba inali itagwa, tinkadumpha zithaphwi tikuimba. Anthu anatuluka m'nyumba kudzaonerera. Iye tinamufunditsa chitenje kumutu ngati mkwatibwi, moti nkhope yake palibe anaiona. Chikwama chake ndinanyamula ndine. Mwamuna uja anakhala pasofa atavala jekete, ife tikumusambitsa m'manja ndi kumuvundukulira mbale imodziimodzi, iye akumwetulira ngati wapambana chisankho. Ndinavina tsiku limenelo. Ndinavina kwambiri, ndipo zinandikomera.

Mwezi wotsatira banampundu sanabwere kumacheza. Wotsatirawonso sanabwere. Foni yake ankayankha mwamuna wake, mwaulemu ndithu, kuti madamu atanganidwa. Pamsika benchi lake linali ndi munthu wina. Bacheya anati ndiye kuti nyumba yakhazikika, mkazi wapabanja sayendayenda. Ine ndinkadutsa pafupi ndi Kanyama pokagula ulusi, koma sindinakhoteko.

Mu Febuluwale inakwana nthawi ya banampundu yotilandira, ndipo mwamunayo anaimbira yekha bacheya kuti tibwere. Tinapita titavala zofanana monga mwa masiku onse, nsapato zili m'manja chifukwa cha madzi.

Banampundu ndiye anatitsegulira. Diso lakumanzere linali loyera mbuu, losaona, ndipo pakamwa panali patapotokera mbali imodzi. Tisanafunse anati anagwera m'ngalande mvula ikugwa. Palibe anafunsa kuti ngalande yake iti. Tinakhala pansi, iye n'kubwera ndi beseni ndi jagi, kugwada pamaso pa aliyense ndendende monga tinamuphunzitsira, osaphonya kanthu. Bacheya anayamba kuyamikira mmene pansi pankawalira ndi polishi, koma mawu anawathera pakati. Mwamuna uja analowa kudzatipatsa moni, kutitchula amayi ake, n'kukakhala panja pakhomo ndi anzake.

Banampundu atatuluka kukaona mphika kuseri kwa nyumba ndinamutsatira. Ndinamupeza atawerama pambaula, akupendeketsa mutu kuti aone bwino ndi diso lotsalalo. Mapasa aja anakhala pamwala chapafupi, ali duu, osasewera.

"Tenga bana tiyende," ndinanong'ona. "Manje manje, osatenga na chola. Tipitile kumbuyo uku."

Anapitiriza kupakula mpunga. Sanakwiye, sanalire. Bola akanandilalatira.

"Niyende kuti, ba sisi?"

"Kwatu. Mawa nizakukwezeka basi ya ku Kitwe, nalumbila."

Apo ndiye anadzutsa mutu kundiyang'ana.

"Kwanu ninabwelako kale," anatero. "Poyamba nikathabako, anali kuyopa kuti kapena nili na bantu. Manje aziba kuti nilibe. Muzanibweza futi, na ngoma."

Anavindikira mbale ya mpunga, n'kuipukuta m'mbali ndi nsonga ya chitenje, n'kundipatsira ndi manja awiri.

"Pelekani, vizazizila."

Ndinailandira, ndinalowa nayo m'nyumba, ndinagawira anzanga. Ndipo tonse tinadya.