Rimoti ya a Taimani

A Taimani akhala akumeta anthu kwa zaka makumi atatu, koma palibe amene amawakumbukira chifukwa cha kametedwe. Aliyense amakumbukira TV imene anaipachika pamwamba pa galasi. Dzina lawo lenileni linasowa kalekale. La Taimanili analitola chifukwa cha mawu amene amanena akangogwira rimoti.

Sewero lawo ndi limodzi basi, la anthu awiri apachibale olimbirana hotela ya malemu bambo awo. Lili ndi magawo 120, ndipo onse ali mu fulashi imene imakhala m'thumba la malaya ngati chiphaso. Kasitomala akakhala pampando, iwo amamumanga nsalu m'khosi, n'kumumeta mbali imodzi, kenako n'kuyatsa TV. Ndani angathawe ndi mutu wometa theka?

"Taimani kaye," amatero akuimitsa chithunzi. "Uyu akumwetulirayu musamukhulupirire. Ndi amene adzaotche khitchini pa gawo 60."

Munthu amatuluka m'menemo akudziwa amene adzafe, amene adzabe ndi amene si mwana wa bambo ake, koma asanaone kanthu. Makasitomala ambiri anayamba kusunga tsitsi. Kunyumba, akazi awo anagonja pa gawo 20, ati mutu ukupweteka, ndipo wakhala ukupweteka Lamlungu lililonse mpaka lero. Wotsala anali mmodzi, mwana wawo wamkazi, namwino. Masana a Lamlungu ankakhala pa sofa pambali pawo, duu, bambo ake akuimitsa ndi kufotokoza.

Tsopano namwinoyu anapeza mwamuna, wokonza mafiriji, ndipo ukwati unali pafupi. A Taimani mantha anawagwira. Mwana akapita, sofa ija idzakhala ya ndani? Anaganiza kuti mankhwala ake ndi amodzi: mkamwini alikonde sewerolo, kuti awiriwo azibwera Lamlungu lililonse. Mwayi unali umodzi, Lamlungu limene mkamwiniyo anali kudzacheza, poti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Funso linali lakuti amuonetse gawo liti.

Gawo loyamba sanaliganizire n'komwe. Iwo amati loyamba ndi la anthu opanda wowatsogolera. La 17, pamene akuwerenga wilo pamaliro, ndi lokoma, koma mkamwini angaganize kuti akumuuza za katundu. La 43 lili ndi ukwati umene mkwati athawa pawindo. Ayi, mnyamata asapatsidwe nzeru. Sabata yonse analingalira, mpaka Lachinayi anameta nsidze ya mphunzitsi wina osazindikira. Loweruka anasankha gawo 58, pamene achibale aja atsekeredwa m'chikepe cha hotela, magetsi atazima.

Lamlungu masana mkamwini anafika atavala jekete, n'kukhala m'mphepete mwa sofa, manja pamaondo. A Taimani anatseka makatani, anaika mabatire atsopano mu rimoti. Gawolo ndi la mphindi makumi anayi. Patatha ola, chikepe chinali chisanatsekeke.

"Taimani kaye. Wamkuluyu, mwananga, dzina lake lisakusokonezeni. Poyamba anali woperekera zakudya..."

"Ee, bambo."

"Taimani. Mwaiona kiyi ili m'manja mwakeyo? Muisunge m'mutu."

"Ndaisunga, bambo."

Pamapeto pake chikepe chinaima. Wamng'ono uja anatembenukira mkulu wake, n'kutsegula pakamwa. A Taimani anaimitsa pomwepo, chifukwa apa ndi pamene amapakonda kwambiri, ndipo samalola wosewera kuwalanda mawu. Anakonza kukhosi. Koma asanayambe, mkamwini, maso ali pa TV, misozi ikulengeza, ananong'ona yekha:

"Achimwene, hotelayi tengani. Ine ndimangofuna mundiitane dzina langa."

Mawuwo anali omwewo, osaphonya ngakhale limodzi.

"Mwawadziwa bwanji?" anafunsa a Taimani.

Mkamwini anayang'ana nsapato zake. Namwino ndiye anayankha.

"Tinaonera kale, ababa. Ndinakopera fulashi yanu chaka chatha."

"Gawo limeneli?"

"Onse. Kawiri."

"Munayambira pati?"

"Loyamba."

"Loyamba!" A Taimani anaimirira. Zinawapweteka kuposa kuba kwa fulashi. "Nanga ankakufotokozerani ndani?"

"Palibe, ababa. N'chifukwa chake tinamaliza."

Kuchipinda kunamveka kuseka kwa munthu wodwala mutu uja.

Namwino sanaseke. Anawagwira bambo ake mkono n'kuwakhazika pansi.

"Zaka zonsezi ndimakhala apa chifukwa cha inu. Sewerolo sindinkalidziwa. Ndinadabwa nditaliona, kuti kani ndi lokoma chonchi. Tizibwera Lamlungu, musadandaule. Koma rimoti izikhala ndi ine."

Anatambasula dzanja. A Taimani anayang'ana dzanjalo, anayang'ana sofa, n'kuipereka rimoti ija mochedwa, ngati munthu wopereka makiyi a nyumba yake.

Amabweradi. Anayambira gawo loyamba, ndipo ngakhale mayi aja mutu unapola. A Taimani amakhala pakati pawo, chala chachikulu chikudinadina pa bondo. Sabata yatha anafika pamene mkazi wa wamkulu uja akulongedza sutikesi mwakachetechete, mwamuna wake ali kalikiliki kulankhula.

"Kodi pamenepa panalipo kale?" anafunsa a Taimani.

"Panalipo," anayankha akazi awo. "Mumakhala mukufotokoza."