Tsitsi la Pachikuto

Tinali awiri: ine pa gitala yamagetsi, mnzanga wa ku Makanjira pa banjo yosema yekha. Loweruka lililonse tinkayimbira alendo pa hotela ina ku Nkopola, mpaka mlendo wina anatikonda n'kutitengera ku Blantyre kukajambula chimbale. Tinabwerako tikudzimva ngati mabwana.

Chimbalecho chisanatuluke, mesenjala anabwera ndi kalata yoti Lolemba tikaonekere ku ofesi ina pa boma. Ndinachita mantha zedi, chifukwa nyimbo yomwe ikanatiitanitsa ndinkaidziwa. Inkanena za bwato lokalamba lomwe likudontha koma mwini wake akukana kutsikamo. Ndinaipeka poseka amalume anga, amene analidi ndi bwato lotero. Koma masiku amenewo, mtsogoleri wa dziko ali nkhalamba, mawu oti kukalamba sunkawatchula mwachisawawa. Anthu ankatengedwa osabwereranso pa nkhani zochepa kuposa imeneyo.

Mkazi wanga anandiveka malaya awiri, poti kundende akuti kumazizira. Mnzangayo anandikalipira njira yonse.

"Ndinakuuzani ine, alamu, tiyimbe za usipa basi! Usipa unamangitsapo ndani?"

Mu ofesimo tinapeza bambo wamagalasi, chikuto cha chimbale chathu chili patebulo. Tinakhala pa benchi ngati nkhuku zonyowa.

"Nyimbo zanu akuluakulu amvera," anatero. "Zilibe vuto. Ya bwato ija ndaikonda, ndili ndi apongozi otero."

Sindinayerekeze n'komwe kuseka. Kenako anagogoda ndi chala pa chithunzi chathu.

"Koma ichi n'chiyani? Amuna akuluakulu, tsitsi mpaka pa kolala? Lamulo simulidziwa? Kameteni, mujambulitse china."

"Basi, bwana?" ndinafunsa mopusa.

"Mumafuna chinanso?"

Mnzangayo anandiponda phazi, ndipo tinatuluka tikuthokoza mobwerezabwereza, manja pachifuwa. Tsitsi limenelo tinalisunga zaka zitatu, tikulipinda m'chipewa tikamadutsa pa boma, koma tsiku limenelo tinachita kuthamangira kwa wometa wa pansi pa mtengo wa mango kumsika.

Anayamba ndi mnzangayo. Lumo litangodutsa kawiri, misozi inayamba kutsika. Ankangothokoza Mulungu mwachisilamu kuti, "Alihamudulila, Alihamudulila."

Wometayo anaimitsa dzanja.

"Pepani achimwene, musalire. Limeranso limeneli."

"Metani, ambuje," anatero mnzangayo akupukuta nkhope. "Metani mpala. Ine lero ndikukagona kwathu, ana anga andiona."