Chipinda cha a Thole ku Harare

A Weston Thole, telala wa pa msika wa Nkhata Bay, anaperekerapo zakudya mu hotela yapamwamba ku Salisbury, komwe pano ndi ku Harare, zaka khumi ndi zisanu, koma sanagonemo n'kamodzi komwe. Mu 1983 mwana wawo Winnie, wokwatiwa ku Harare, anawaitana kuti akacheze.

"Ndikafikira mu hotela ija," anatero a Thole.

Akazi awo, a Flora, anaseka. "Inu bambo a Winnie, akakubwezerani pakhomo."

"Akayese."

Anadzisokera okha suti, nanyamuka. Atalowa mu hotelamo, mzungu wolandira alendo anawafunsa ngati akufuna ntchito.

"Ntchito ndinakugwirirani kale," anayankha osaphethira. "Ndipatseni chipinda choyang'ana kumsewu."

Anagonamo masiku awiri, kenako anapita kwa Winnie, yemwe anamupeza atakwiya chifukwa choti bambo akewo sanafikire kunyumba kwake.