Madzi Amene Anazimitsa Kuwala

Kabotoloko kanali kakang'ono ngati chala, kokulungidwa m'pepala lasiliva kuti kasaone dzuwa. Amalume anabwera nako kuchokera kusukulu yaukachenjede m'nyengo ya nazale, chaka chimene tinali matenanti pa esiteti ina ya fodya kupitirira Santhe.

Chitsime cha kudambo tinkachinyadira. Madzi ake anali oyera mbee, opanda ndere, opanda ngakhale mbululu imodzi. Pambali pake ndi pamene abambo ndi anzawo ankatsukira sipuleya akatha kupopera mbande mankhwala abuluu a kopa. Ine ndi mng'ono wanga m'mimba munkatipota kawirikawiri. Amayi ankati ndi mango aawisi, ndipo kunena zoona mangowo tinkawabadi.

Masana ena amalume anatilowetsa mu balani, mumdima wonunkha fodya wa chaka chatha. Anadontheza mankhwala a m'kabotolo m'kapu ya madzi amene anabwera nawo, kenako m'kapu ya madzi athu, n'kuunika ndi katochi kawo kapadera. Kapu yoyamba inawala ngati chiphaniphani. Yathu inangoti bii. Anafotokoza kuti kopa akakhala m'madzi amazimitsa kuwalako, ndiponso kuti kusukulu kwawo amamuona kopayo ngakhale mkati mwa maselo amoyo, tizigawo timene timapanga thupi. Ine, ndi kupusa kwa chibwana, ndinatambasula chala kuti andiyeze, kufuna kuonetsa kuti nanenso nditha kuzimitsa. Palibe anaseka.

"Achemwali, madzi awa musamwenso," amalume anauza amayi.

"Ndiye timwe ati?" anafunsa amayi.

Mjigo unali utafa kalekale, mtsinje unali mchenga wokhawokha, ndipo tenanti sachoka pa esiteti fodya ali m'nazale. Abambo anasiya kutsukira pachitsime, koma anzawo anangoti izo ndi za anthu asukulu, madzi oyera chonchi angadwalitse ndani? Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewo mtima umandiwawa.

Amalume atakwera kabaza kubwerera, amayi anandipatsa ndowa, ndipo ndinatsika njira yomweyo ya kudambo. Kuyambira tsikulo, madzi akafika ankayamba kumwa iwo, n'kudikira kanthawi dzanja lili pamimba, asanatipatse kapu. Ine kukhosi kuli gwa ndi ludzu ndinkawayang'ana mokwiya, ndikudabwa kuti munthu wamkulu walowa liti umbombo wolimbirana madzi ndi ana ake.