Dzina limene ndinalemba pa fomu ya asilikali

Fomuyo ndinadzaza ndine, ndi dzanja langali. Ndiyambe ndavomera zimenezo.

Amuna anga anabwera nayo patchuthi asanapite kunja kukasungitsa mtendere. Anati kuntchito kwawo zonse akuzilowetsa m'kompyuta, mafayilo a m'makabati atha ntchito. "Iwe wa satifiketi, lemba." Panali mzere wofunsa munthu woyamba kuuzidwa msilikali akachita ngozi. Pamenepo cholembera chinaima. Kwathu ku Kaduya uthenga wotere umafikira mwini mbumba, mkazi amamva anthu atakhala kale pamphasa. Ndinaopa kuti abale awo anganene kuti sukulu yandikuza mtima. Ndinalemba amalume awo.

Patapita miyezi ingapo, ndili pamsika wa pa Boma mwana ali kumsana, galimoto ya asilikali inaima pafupi ndi mayi amene ankandigulitsa matimati. Sajeni wina anatsitsa galasi, pepala lili m'manja, n'kufunsa njira ya kwa amalumewo. Dzina lawo ndinalimva bwinobwino. Matimati ndinawasiya pomwepo.

"Bwana, ine ndine mkazi wa msilikali wa pakhomo limenelo. Kwagwanji?"

Anayang'ana pepala, kenako ine. "Mayi, apa simukupezekapo. Kale tinkauza aliyense amene tamupeza, uthenga n'kumafika wopotoka. Pano timauza yekhayo amene watuluka m'kompyuta."

"Ali moyo? Ingondiuzani chokhacho."

"Kwerani, mutilondolere njira."

Pakhomo sitinawapeze. Anali kumunda wawo wa chinangwa, cha ku Fort Lister. Msewu wonsewo ndinkangoyang'ana khosi la sajeniyo, ngati kuti khosi lingaulule kanthu. Mwana analira, ndinamupatsa bere, koma sindinamve kuti akuyamwa. Mumtima ndinali nditayamba kale kusankha chitenje chovala pamaliro, Mulungu andikhululukire.

Amalume anatuluka m'munda pang'onopang'ono, khasu paphewa. Anandiona ndikutsika.

"Apongozi, mukuliriranji musanamve?"

Sajeni anavula chipewa. Anati galimoto imene anakwera amuna anga inagubuduzika, mwendo wathyoka, ali m'chipatala kunjako, akudya, akulankhula. Ndinakhala pansi pamzere wa chinangwa.

"Ndiye bwana," anatero amalume, "mwawotcha mafuta kusaka nkhalamba kumunda, mwini nkhani mutamunyamula m'galimoto momwemo? Anandilemba ine ndani pamenepo?"

"Ndine, amalume," ndinayankha maso ali pansi.

Amalume anatembenukira kwa ine. "Ine wailesi ndilibe, maso ndi awa. Akadwala usiku ndidzamusambitsa ine?"

Sajeni anati dzinalo angasinthe ndi msilikali mwini wake yekha, asaine. Choncho ndinakhalabe wosapezeka m'kompyutamo mpaka tsiku limene amuna anga anatsika minibasi pa Boma akuyendera ndodo. Fomu yatsopano inali m'chikwama chawo. Ndinawapempha fomuyo asanavule n'komwe nsapato. Ndinalembapo dzina langa, zilembo zazikuluzikulu.