Namwino Wotsiriza wa pa Esiteti

Chaka chimene yunivesite inatsekedwa chifukwa chosowa madzi, ndinabwerera ku esiteti ya tiyi ku Chipinge, kumene bambo anga anakalambira akuthyola masamba. Ndinali mphunzitsi wa Chingerezi cha anamwino, ine amene ndikaona magazi ndimayang'ana kumbali. Mabuku tinalibe. Mawu a m'chipatala ndinkawaphunzitsa ngati munthu wogulitsa ndiwo zimene sanalawepo.

Kunyumba sindinkakhazikika. Ndinkasesa posesedwa kale, kupita kumsewu, kubwerera, kupitanso. Bambo anali ndi chilonda cha shuga pamwendo, ndipo pakiliniki ya esiteti panatsala namwino mmodzi yekha. Anzake onse anali atadumpha malire. Iyeyu ndiye ankatsuka chilondacho, nthawi zina ndi madzi amchere basi.

Tsiku lina atamanga bandeji anandikokera panja.

"Sisi, ndamva kuti mumaphunzitsa Chirungu cha ntchito yathu. Ndikufuna kulemba mayeso opitira kunja. Ndibatsireiwo," anatero m'chilankhulo chakwawo, kupempha kuti ndimuthandize.

Ndinapsa mtima. Ndinafuna kumufunsa kuti mwendo uwu ausiyira ndani, koma nditaona nsapato zake zomanga ndi waya ndinangoti abwere mawa.

Chingerezi ankachidziwa, koma chinali cholamula: gonani, vulani, imwani. Kunjako amafuna kuti wodwala uzimupempha, uzimufunsa mmene akumvera. Tinasowa woyesererapo, ndiye bambo anadzipereka. Ankagona pamphasa n'kumabuula mokokomeza, namwino akuwanyengerera m'Chingerezi, iwo akuyankha m'Chinyanja kuti chakudya cha m'chipatala muno n'chochepa. Tinkaseka mpaka misozi. Koma ine chiganizo chilichonse chimene ndinkawongola ndinkadziwa kuti ndikumulambulira njira yotisiyira, ndipo zinkandiwawa. Kungoti kuphunzitsa mwaulesi sindimatha.

Namwino uja anakhoza mayeso. Asananyamuke anandionetsa katsukidwe ka chilonda. Kiliniki anaitseka ndi loko.

Sipanapite nthawi, uthenga unafika woti yunivesite yatsegulidwa, wosabwerera ntchito yamuthera. Ndinazungulira nyumba kangapo ndisanalowe. Ndinawauza bambo ndikuwamanga bandeji, imene inkangokhota.

"Kumeneko ukaphunzitsanso anamwino, mwanangu?"

"Eya, bambo. Kalasi yodzaza."

Anayang'ana mwendo wawo kwa nthawi yaitali.

"Ukawaphunzitse bwino," anatero. "Koma mmodzi yekha wa manja abwino ukamulepheretse mayeso, atitsalire."