A Saidi Sankasankhira Munthu

Fungo la adyo wokazinga pa mbaula ya parafini likandipeza, mtima umabwerera ku Philippi, dera la m'dziko la eni kumene tinkakhala, ku kanyumba kamalata ka a Saidi kamene kanagundana ndi kathu. Anali mkulu wa ku Machinga amene anathera unyamata wake akuphikira asodzi a ku Spain m'sitima zapanyanja, ndipo kumeneko anatolako chinenero chawo ndi kabuku kothothoka chikuto, ka nkhani zosinkhasinkha za moyo. Masana ankakhala pakhomo, mphepo ikugwedeza malata, minibasi zikuliza mahutala kumsewu, iwo n'kumawerenga ndi chala ngati akusankha mpunga.

Ana tinkawaseka kuti ndi shehe wa Chisipanishi. Ankati olemba a m'kabukumo amalimbana ndi nkhani imodzi: munthu amadziumba yekha ndi zimene wasankha, ndipo alibe pobisala. Ukangoti "sindikanachitira mwina," ankakuyang'ana ngati wawapondera nsomba.

Chaka china agogo, mayi awo a mayi anga, anadwala mwakayakaya ku Mangochi. Mapepala a mayi owaloleza kukhala m'dziko la enilo anali atatha. Akanapita, sakanaloledwa kubwerera, ndipo ine ndi mng'ono wanga tikanasiya sukulu. Mayi anandigwira padzanja n'kukagogoda kwa a Saidi.

"Bambo, ndiuzeni chochita. Manja anga ndi omangika."

"Sanamangike, amake Amina," anatero a Saidi akutseka kabuku kawo. "Basi ilipo, ananso alipo. Njira zonse ziwiri zili ndi minga, ndipo ine sindikusankhirani. Koma mukakhala, musadzanamizire mapepala."

Mayi anatuluka atakwiya, ndipo kwa nthawi ndithu sankawapatsa moni. Ku Mangochi sanapite. Agogo anamwalira, anaikidwa tsiku lomwelo, ife tikungomva pafoni.

Anthu akwathu atabwera kudzapepesa, mayi wina anasisita mayi anga pamsana. "Musadziimbe mlandu, achemwali, munalibe pogwira."

Mayi anapukuta misozi ndi nsonga ya mpango. "Ayi, basi inalipo. Ndinasankha ana angawa."

A Saidi, amene anakhala panja ndi amuna anzawo, anaweramitsa mutu.

Lero ndimagwira ntchito mu ofesi m'tauni, ndipo mawu aja a mayi anga amandilemera. Masiku ena ndimalakalaka akananamizira mapepala, mwina ndikanapepukidwa. Koma ndimadziwanso kuti sanangotsala nafe ngati katundu wosowa pomusiya. Anatisankha, mayi awo akadali moyo, akuwaitana.